Chofunda cha zigamba cha 1989: tichotse nkhope ya Kamuzu kapena tichisiye momwemo?

NaChisale_Ndirande
Moni nonse apagulu. Ndabwera ndi funso kwa inu odziwa zosoka komanso amene munali kale ndi nzeru mu 1989. Chaka chimenecho dziko linkakwanitsa zaka 25 chilandirireni ufulu, ndiye amayi a Mvano kutchalitchi kwathu kuno ku Ndirande anagwirizana zosoka chofunda chachikulu cha zigamba choti achionetse pa 6 July. Ine ndinali kamtsikana ka Sitandade 7, ntchito yanga inali kulowetsa ulusi pasingano ndi kukupiza makala a simbi, kenako anandilola kusoka nawo mipendero. Kusoka ndinayambira pamenepo.

Chofundacho chilipobe. Chili ndi zigawo 24, boma lililonse chigawo chake. Pakati pali mbendera ndi dzuwa lake, m'munsi mwa mbenderayo muli chidutswa cha nsalu ya Kamuzu, nkhope yonse. M'ngodya zinayi anasokamo ndi ulusi woyera mawu aja: Umodzi, Kukhulupirika, Kumvera, Kusunga Mwambo. Achinyamata akutchalitchi akufuna kuchipachika mu holo pa 6 July chaka chino, koma sakumvana. Ena akuti nkhopeyo ndi mawu a m'ngodyawo zichoke chifukwa n'zachipani, ena akuti osakhudza. Komanso chikununkha chuku, ndipo zigamba zofiira zayamba kuyoyoka. Tichape? Tisinthe? Ndaikapo zithunzi, ndithandizeni nzeru.

TelalaWaPakhonde
Zandalezo ndisiyira eni ake, ine ndiyankhe zochapa. Amayi, chonde musachiviike m'bafa. Nsalu yofiira yakale ikangolawa madzi imatulutsa utoto, mudzapeza zoyera zonse zasanduka pinki. Tengani kansalu koyera, mukanyowetse ndi madzi ozizira, mukadinikize kwa kamphindi pa chigamba chofiira cha m'mphepete. Kakachoka ndi mtundu, nkhani yochapa yathera pomwepo. Fungo la chuku limatha ndi mphepo: yalani pamphasa pamthunzi, pansi pake pakhale shiti yoyera, muzitembenuza. Padzuwa ayi, chisuluka. Pachingwe ayi, kulemera kwake komweko kudula misoko. Jik ndiye asayandikire n'komwe.

Mbadwa94
Ine ndinena mosapsatira. Chotsani nkhopeyo. 6 July ndi tsiku la dziko, si la munthu mmodzi. Ngodya zinayizo zinali za MCP. Mawu a dziko ndi Umodzi ndi Ufulu, sokanipo amenewo basi.

Chiperoni_BT
Iwe wa 94 ukufuna kusomola zimene anasoka anthu iwe usanabadwe kkkkk

Mbadwa94
Kubadwa mochedwa si mlandu achimwene. Mbiri timawerenga.

MwanaWaMigowi
Ndayang'ana zithunzi zonse, Phalombe sindikumuona. Ife si a Malawi?

MphunzitsiWopuma
A Migowi, mu 1989 inu munali a Mulanje. Phalombe ndi Balaka anakhala maboma paokha mu 1998, Likoma nayenso cha m'zaka zomwezo, Neno anadzachoka ku Mwanza pambuyo pake, ndiye maboma afika 28 lero. Amayiwo sanalakwitse kuwerenga. Ngakhale napolo wa 1991 uja anachitika Phalombe ili pansi pa Mulanje.

Kwa ine chimenechi n'chifukwa chokwanira chosasinthira kanthu. Mukayamba kukonza kuti chifanane ndi lero, muthera pati? Muwonjezera zigawo zinayi? Ndipo taganizani, wina akanachita changu mu 2010 pamene boma la Bingu linasintha mbendera, kufiira pamwamba, kuda pakati, dzuwa loyera lathunthu, akanasomola dzuwa lofiiralo. Mu 2012 Joyce Banda atalowa, nyumba ya malamulo inabwezeretsa mbendera yakale. Bwenzi chofundacho chitang'ambidwa kawiri pachabe.

Kamba_Zingwangwa
Koma dzuwalo abale kkkk likuoneka ngati nkhanu yathyoka miyendo. Anasoka ndani?

AgogoSinger
Amene akuseka dzuwayo abwere adzayese kusoka tinsalu tating'ono 31 tosongoka pamanja, nyali ya parafini ili pambali.

Akundilembera ndi mdzukulu wanga, ine maso anatha. NaChisale, ndiwe kamtsikana kaja kankathamanga ndi simbi kukapala moto kwa aneba? Ine ndinalipo mwana wanga. Chigawo cha Mangochi chokhala ndi chambo ndi changa, cha Mulanje tinathandizana ndi malemu mnzanga wina, iye phiri ine masamba a tiyi.

Ndalama yogulira nsalu yatsopano panalibe. Aliyense ankabwera ndi chimene wapeza. Zakuda zija ndi masiketi akale a Mvano, mukayang'anitsitsa muona kuti kuda kwake n'kosiyana, ina inasuluka kwambiri ina pang'ono. Zobiriwira ndi mayunifolomu amene ana anawachepera. Zofiira ndi zimene zinavuta. Mayi wina anabwera ndi malaya a mwana wake amene anali wa yufi, ndiye mzere wofiira wa mbenderayo ndi malaya a yufi, omwe aja ankaima pachipata cha msika n'kumafunsa khadi. Tinayang'anizana, palibe anatsegula pakamwa. Zotsalazo tinkakapempha kwa atelala a m'makonde ku Limbe, tizidutswa totsala pansi pa makina. Pa chigawo cha Blantyre pali kachidutswa kachikasu, kameneko ndi ka chitenje cha Papa. John Paul II anabwera mu May chaka chomwecho, anachita misa ku Kwacha Park, kumene lero mumati Njamba. Mlamu wa mnzathu anali wa Katolika, ndiye Papa analowa m'chofunda cha amayi a CCAP abusa osadziwa.

Tsopano za nkhopeyo, ana inu mvetsani. Pachithunzi chimene anatijambulira mayi wotiphunzitsa panalibe nkhope, panali mbendera yokha. Tsiku lina anabwera amayi apampando a nthambi yathu ya chipani kudzaona. Anayamikira, anayamikira, potuluka anafunsa, "Nanga Ngwazi ili pati?" M'mawa mwake nsalu inapezeka. Kuidula nsalu imeneyo tonse tinakana, sizasi ikanangoterereka n'kukhudza nkhope mukanakayankha kwina. Anadula ndi mayi wotiphunzitsayo, ife titaunjikana kuyang'anira. Ndipo chofunda chimenecho palibe anafundapo ngakhale usiku umodzi.

Ine ndikuti musachotse. Mukachotsa mudzanamiza adzukulu kuti tinali omasuka kusoka zimene tikufuna. Koma musapitenso uku n'kumati zonse tinkachita mokakamizidwa. Mbendera ija tinaisoka ndi mtima wonse. Mu 1964 ndinali mtsikana, usiku umene anatsitsa mbendera ya azungu pa sitediyamu ku Chichiri tauni yonse sinagone. Bambo anga ankalimira mzungu thangata ku Thyolo. Mukuganiza kuti ndinkafuna wondiuza kuti ndikonde mbendera imeneyo?

NaChisale_Ndirande
Mayo ine, amayi, muli moyo! Ndine ndemwe. Ndalira ndikuwerenga. Za malaya a yufi sindinkadziwa n'komwe, ife ana simunkatiuza.

AgogoSinger
Tikanakuuza bwenzi utakanena kusukulu.

Mbadwa94
Agogo ndakumvani ndipo ndikukulemekezani. Koma nkhani yanuyo ikugwirizana ndi ine. Nkhopeyo inalowa chifukwa cha mantha. Kuichotsa ndi kubwezera chofundacho mmene eni ake ankafunira poyamba.

Chiperoni_BT
Mwini wake wanena kuti musachotse, iwe ukumuuza zimene ankafuna?

WakuMakata
Ine ndinagwira ntchito kwa David Whitehead zaka zimenezo, kuchigawo chodinda nsalu, ndiye ndiloleni ndinenepo za nsaluyo. Pazithunzi ndikuona kuti chidutswa cha nkhope chili bwinobwino, pamene zofiira zikuyoyoka. Sizodabwitsa. Nsalu ya nkhopeyo inalowa ili yatsopano, thonje lenileni, ndipo sinachapidwepo. Malaya a yufi aja anali atavalidwa, kuchapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa kwa zaka asanafike pasizasi. Ulusi wake unali utatopa kale.

A telala akudziwa, mukasomola chidutswa chapakati pa chofunda chotere, zoyandikana nazo zimamasuka zonse chifukwa misoko yake inalumikizana. Ndipo chimene chili pamwamba pa nkhopeyo ndi mbendera, yomwe ili kale yofooka. Mutha kuchotsa Kamuzu n'kutaya mbendera.

Nthawi imeneyo thonje lathu lomwe lino, la ku Chikwawa, Balaka, Salima, linkapotedwa, kulukidwa ndi kudindidwa muno mu Blantyre. Anthu zikwi ankalowa pachipata chija m'mawa uliwonse, ambiri a ku Ndirande komweko. Ndipo a 94, musaiwale kuti manja omwewo amene ankadinda nkhope ya Kamuzu ndi amene anayambitsa sitalaka ya May 1992, patangopita miyezi iwiri maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo. Anthu anafa m'misewu ya muno. Riferendamu ya 14 June 1993 sinagwe kumwamba. Fakitale ija boma linaigulitsa mu 2003, pano ndi Mapeto.

Mai_Bale_Namba1
Thonje lathu, thonje lathu, koma lero aliyense wavala kaunjika kkkk. Ife ogulitsa mumatinena kuti tinapha atelala, koma mukafuna zigamba zabwino mumabwera kwa ife. Malaya achimuna a thonje ong'ambika kolala ndimagulitsa motchipa, amatuluka zigamba zokongola kwabasi.

TelalaWaPakhonde
Simunatiphe amayi, munatisandutsa ochepetsa mathalauzi. Tsiku lonse ndi kubweza m'chiuno ndi kuika zipi. Kupanda mayunifolomu a sukulu ndi nsalu za ukwati bwenzi makina angawa a Butterfly nditagulitsa kalekale.

Maule_Mpaka_Kale
Ngati zofiira zavuta ndibweretse jezi yakale ya Bullets, siisuluka imeneyo

NomaWaLaliLubani
Chofunda chakhala zaka zonsezi mwamtendere, musachilowetse minyama

Maule_Mpaka_Kale
Onani mbendera ya dziko ngati muli buluu kkkkk

Admin_Soche
Abale za mpira zili ndi gulu lake. Tibwerere ku chofunda.

MwanaWaMboni
Ndinaganiza zongowerenga, koma ndilembeko. Amayi anga anali telala wodziwika ndithu ku Ndirande, madiresi a ukwati ankasoka okha pamakina a mwendo. M'chofunda ngati chimenechi dzanja lawo silikanapezekamo. Ndife a Mboni za Yehova. Mpingo wathu unaletsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula khadi la chipani, ndipo mu 1972 zitafika poipa makolo anga anathawa usiku kulowera ku Mozambique, makina aja anatsala m'nyumba, sanawaonenso. Chiletso chinachotsedwa mu 1993. Ndikaona malaya ofiira aja, ngakhale pachithunzi, m'mimba mumatentha.

Komabe sindikunena kuti muchotse. Amayi anga akanakhala moyo akanati chisiyeni anthu aone. Chimene ndikukana ndi kuchipachika pakhoma ndi mabaluni, kwaya n'kumaimba, popanda wofotokoza. Mwana wa zaka 15 akawerenga "Kumvera" pangodyapo aziti ndi kumvera makolo. Pakhale pepala pambali lonena zimene agogowa anena pamwambapa, mawu awo enieni, za malaya a yufi ndi za funso la amayi apampando lija.

AgogoSinger
Mwana wanga, pepa. Tinkadziwa zimene zinkachitika, nyumba zina tinkaziona zili pululu. Zimene wanenazo ndagwirizana nazo. Alembe, ndipo alembenso kuti kunali amayi ena odziwa kusoka kuposa ife amene sanali nafe.

Mbadwa94
Ngati pakhala pepala lotero ndiye ndabwerera pang'ono. Koma pepala limasochera, chofunda chimatsala.

Chemwali_SouthBend
Pa nkhawa imeneyo ndithandizepo. Kuno ku Indiana ndimasoka ndi gulu la amayi achikulire, zofunda za zigamba ndi mwambo wawo waukulu. Mu 1976, America ikukwanitsa zaka 200, magulu ambiri a m'matauni anasoka zofunda za dziko, zofiira, zoyera ndi zabuluu, chigawo chilichonse chikuonetsa malo kapena mbiri ya kwawoko, ndendende zimene anachita amayi athu a ku Ndirande. Lamulo lawo n'lakuti mbiri ya chofunda imalembedwa pa kansalu koyera ndi inki yosasuluka, n'kusokerera kumbuyo kwa chofundacho: chaka, malo, mayina a osoka. Sikasochera chifukwa kali pathupi pake.

Pa zopachika, musakhomere misomali kapena kubaya mapini. Kumbuyo, m'mphepete mwa pamwamba, mumasokerera nsalu yaitali yopinda kuti mukhale mphako, n'kulowetsamo ndodo yosalala, kulemera kumagawanika. Koma ngati chafooka monga ndikuonera, kuli bwino kuchiyala pa matebulo. Funso langa kwa amayi a NaChisale: m'kati muli chiyani? Kuno amaika thonje lopyapyala pakati pa nsalu yapamwamba ndi yapansi, n'kusoka zonse zitatu pamodzi.

NaChisale_Ndirande
M'kati muli mabulangete awiri akale olumikiza, otuwa aja okanda. Kumbuyo ndi matumba a ufa a nsalu amene anawachapa mpaka zilembo kufufutika. N'cholemera zedi, kunyamula timagwirizana awiri.

MphunzitsiWopuma
Achemwali a ku Indiana, mwandikumbutsa. Kusoka kwa amayi kuno kuli ndi mbiri yaitali, ndipo ina imakhudza komwe muliko. Ku PIM ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, mayi Ida Chilembwe ankaphunzitsa amayi kusoka pamodzi ndi Emma DeLany, mmishonale wachikuda wochokera ku America amene anafika mu 1902. John Chilembwe ankafuna kuti anthu ake azivala mwaulemu ngati wina aliyense. Ndiye singano ndi nkhani ya ufulu zinayendera limodzi kuyambira kale, 1915 isanafike. Pa chigawo cha Chiradzulu anaikapo chiyani?

AgogoSinger
Tchalitchi cha PIM, aphunzitsi. Chija mukuona ngati nyumba ya mawindo atatu. Kasungu fodya, Karonga mpunga, Mwanza manachesi, Ntcheu mbatatesi, Chikwawa nzimbe, Nkhotakota mtengo wa mkuyu umene Livingstone anakumanirana ndi Jumbe. Za maboma akumpoto tinkafunsa mayi wina wa ku Rumphi amene mwamuna wake ankagwira ntchito ku njanji, enafe tinali tisanapiteko. Pa Zomba panali mkangano, ena ankafuna phiri ena nyumba ya malamulo, poti likulu linali litapita kale ku Lilongwe mu 1975 koma aphungu ankakumanabe ku Zomba. Linapambana ndi phiri chifukwa ndi losavuta kudula.

Kamba_Zingwangwa
Ndiye Ntchisi anaikapo chani? Ndikungoona chobiriwira

AgogoSinger
Nkhalango. Ukufuna tikanaikapo chiyani?

Nankungwi_Chilobwe
Ine langa ndi pempho. Jambulani chigawo chilichonse pachokha, kutsogolo ndi kumbuyo, masana pamthunzi, musunge zithunzizo malo angapo. Ifenso amayi anga anali ndi chofunda cha zigamba chimene anasoka ndi anzawo, chosafika apa kukongola koma chathu. Chinapita ndi matope a Freddy mu March 2023 pamodzi ndi nyumba. Ndilibe ngakhale chithunzi chimodzi. Ndipo mukamasunga musaike m'jumbo kapena m'chikwama cha pulasitiki, chinyontho chimatsekeredwa m'katimo, chukucho chimachokera pamenepo. Kulungani m'shiti ya thonje, muike pamwamba osati pansi pa bedi.

Chiperoni_BT
Bwanji osangokapereka ku Museum ku Chichiri? Kumeneko ndiye kwawo kwa zinthu zotere.

NaChisale_Ndirande
Zimenezo sindingagamule ndekha achimwene, n'cha Mvano. Komanso amayi ambiri safuna chichoke ku Ndirande, akuti ana a amene anasoka azichiona pafupi. Ambiri mwa osokawo anatisiya m'zaka za m'ma 1990, mukudziwa mmene matenda aja anatipululira. Kumbuyo kwa chigawo chilichonse kuli zilembo zoyamba za dzina la wosoka. Ndi chifukwa chake anthu akuchikakamira.

MphunzitsiWopuma
Kupita kukafunsa nzeru za kasungidwe si kupereka. Muthanso kukasiya zithunzi ndi mbiri yolembedwayo ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, amasunga zithunzi ndi zolemba zakale kumeneko.

Mbadwa94
Funso lomaliza kwa a telala. Ngati sitisomola, zofiira zoyoyokazo zitani? Tingoziyang'ana zikutha?

TelalaWaPakhonde
Ayi. Pali njira yosachotsa kanthu. Mumagula neti yofewa ija ya velo ya mkwatibwi, yofiira kapena yotuwirako, n'kudula mokulirapo pang'ono kuposa chigamba chodwalacho. Mumayala pamwamba, n'kusoka pamanja ndi singano yaing'ono, kutsata msoko wakale, osabaya pakati pa nsalu yofookayo. Nsalu yakale imaonekabe pansi pa neti koma siyoyokanso. Wina akadzafuna kuchotsa netiyo amangodula ulusi. Pamakina musayerekeze, mano a makina amakoka nsalu, imeneyo ingonyenyeka. Neti ya udzudzu ayi, ili ndi mankhwala ndipo ndi yokhakhala. Simbi ayinso.

Mai_Bale_Namba1
Mavelo ndili nawo m'belo la sabata ino, oyera okhaokha koma. Kwa agogowa ndipereka ulere.

NaChisale_Ndirande
Zikomo nonse. Ndayesa kansalu konyowa kaja madzulo ano, katuluka kofiira, ndiye sitichapa. Poyang'ana pamene pang'ambika pa chigawo cha Dedza ndapeza kuti m'kati muli timapepala ta nyuzi, zilembo zikuwerengeka pang'ono.

AgogoSinger
Ndi Boma Lathu imeneyo. Tinkadula mapepala kukhala muyezo, n'kupindira nsalu pamwamba pake kuti ngodya ziwongoke. Timayenera kuwachotsa pomaliza koma 6 July inatipeza tisanathe. Asiye momwemo.

MwanaWaMigowi
Ndiye za Phalombe zatha choncho?

Chemwali_SouthBend
Sokani chanu cha maboma 28, achinyamata akutchalitchiwo aphunzirirepo. Ndikatumiza ulusi ndi munthu akubwera mu June.

Mbadwa94
Pa chatsopanocho pasapezeke nkhope ya munthu, kaya wa chipani chanji. Ndanena pano pagulu.

Chiperoni_BT
Udzabwere udzasoke dzuwa iweyo, tione ngati nkhanu yako idzakhale ndi miyendo yokwana

NaChisale_Ndirande
Lachinayi tili ndi Mvano, ndikawawerengera amayi zonsezi, akagamule okha. Amayi a Singer, ndikutumizirani uthenga kumbali kuti ndidziwe kumene mukukhala, tidzabwere ndi foni tidzajambule mawu anu. A telala, mungabwere kudzationetsa kasokedwe ka netiyo?

TelalaWaPakhonde
Ndibwera, koma Lachitatu masana. Loweruka ndimapanikizika ndi nsalu za maukwati. Velo yoyera pa chofiira idzaoneka yotuwa, ndiye tiyese kaye pa chigamba chimodzi cha m'mphepete musanadule yonse. Ulusi mugule wa thonje wopyapyala, ndipo amene adzagwire asambe m'manja, asadzole mafuta.